Misonkhano ija siinali yongotaya malovu

Achemwali, mwafunsa ngati misonkhano ndi zoyankhula pagulu zinathandizadi kuthetsa ukapolo ku America, popeza nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikomo ndi imene inamaliza nkhaniyi mu 1865. Za nkhondo sindikana. Koma akanakhala mawu chabe opanda mano, adani akanavutikiranji kutentha malo osonkhanira?

Mu Meyi 1838 olimbana ndi ukapolo anatsegula holo yawoyawo ku Philadelphia, ya Pennsylvania Hall, chifukwa nthawi zambiri kwina ankawamana malo. Angelina Grimké, wobadwira m'banja losunga akapolo ku South Carolina, anayankhulamo pafupifupi ola lathunthu miyala ikuswa mawindo. Mawa lake chigulu cha anthu olusa chinaitentha holoyo, isanakwanitse ndi sabata yomwe.

Amene amandikhudza mtima kwambiri ndi Frederick Douglass. Anathawa ukapolo ku Maryland mu 1838. Mu Ogasiti 1841, pamsonkhano wa ku Nantucket, anamupempha kuti aimirire anene zimene anakumana nazo. Anaimirira akunjenjemera. Koma atamaliza, bungwe la Massachusetts Anti-Slavery Society linamulemba ntchito yoyendayenda m'matauni kuyankhula. Taganizirani azungu a kumpoto amene kuyambira ubwana ankangomva kuti kapolo ndi katundu, alibe nzeru, ndipo amakondwa kwa mbuye wake. Lero katundu uja waima kutsogolo, akulongosola za chikoti, akuyerekezanso mawu a abusa olalikira kuti akapolo azimvera ambuye awo, holo yonse ili kakasi. Pepala munthu atha kulitaya osaliwerenga, koma maso a munthu amene akukuuza za mabala ake ndi ovuta kuwazemba.

Anayankhula mwaluso moti ena anayamba kukayika kuti anakhalapo kapolo. Ndiye mu 1845 analemba mbiri yake, natchula mbuye wake ndi dzina, zomwe zinamuika pachiswe chogwidwanso. Anawolokera ku Ireland ndi Britain, kuyankhulanso tauni ndi tauni, mpaka omvera ake kumeneko anasonkha mapaundi 150 n'kumugulira ufulu mu 1846. Koma mtengo wa kuyankhula paguluku unali wowawa: mu 1843 ku Pendleton, Indiana, anamumenya pamsonkhano n'kumuthyola dzanja lamanja, ndipo silinachirenso bwinobwino. Sanasiye. Pa 5 Julayi 1852 ku Rochester anafunsa omvera ake maso ndi maso kuti tsiku lawo la ufulu la pa 4 Julayi limatanthauzanji kwa kapolo.

Ngakhale ife kuno nkhaniyi ikutikhudza. Mu Disembala 1857 David Livingstone anayankhula kwa ophunzira a pa yunivesite ya Cambridge za Africa ndi malonda a akapolo. Kuchokera pamsonkhano umenewo kunabadwa mishoni ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa), ndipo mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero, ali ndi amuna, amayi ndi ana amene anali atangowamasula magoli panjira.