N'chifukwa chiyani mimba ya thole siigaya chitetezo cha mu mkaka woyamba?

Bambo wina woweta ng'ombe zamkaka ku Thyolo wandilembera imelo. Akuti alangizi amawauza kuti mkaka woyamba wachikasu uja uli ndi asilikali oteteza thupi, ndipo asilikaliwo ndi mapuloteni. "Nanga poti mimba imagaya mapuloteni, amenewa amapulumuka bwanji? Komanso thole langa likakana kuyamwa, ndingauwiritse mkakawo n'kulipatsa mawa?"

Bambo, funso lanu loyamba lili ndi yankho losangalatsa. Lachiwirilo ndiye ayi, ndipo muona chifukwa chake.

Thole limabadwa lopanda chitetezo m'magazi. Nsengwa ya ng'ombe silola asilikali a mayi kudutsa kupita kwa mwana ali m'mimba. Chimodzimodzi mbuzi, nkhosa, nkhumba ndi akavalo. Choncho chitetezo chonse chiyenera kulowera pakamwa, ndipo chiyenera kufika m'magazi chili chathunthu. Chikangodukaduka, chasanduka chakudya wamba.

Chimene chimadula mapuloteni m'matumbo ndi timadzi tochokera ku kapamba, makamaka totchedwa trypsin. Tsono ng'ombe imaika mu mkaka woyamba kapuloteni kena kakang'ono kamene kamakakamira trypsin n'kuimanga manja. Akatswiri amakatcha trypsin inhibitor, ndipo ofufuza ena otchedwa Laskowski anakapatula mu mkaka woyamba wa ng'ombe cha m'ma 1950. Mu mkaka woyamba wa nkhumba kaliponso kambiri. Kamachuluka zedi pokama koyamba, kenako kamatsika msangamsanga, moti mu mkaka woyera umene mumapita nawo kosonkhanitsira mkaka (bulking group) katsalamo kochepa kwambiri.

Kapuloteni kameneka sikagwira ntchito kokha. Tsiku loyamba chifu cha thole sichikhala ndi asidi wambiri, ndipo khungu la m'kati mwa matumbo limameza mapuloteni akuluakulu osasankha n'kuwapititsa m'magazi. Koma khomo limeneli silichedwa kutsekeka. Pakatha maola 6 layamba kale kuchepa, pofika maola 24 ndiye latsekeka. Mkaka wachikasu woperekedwa mawa lake umathandizabe m'matumbo momwemo, koma m'magazi simulowa kanthu. Mathole ambiri otsekula m'mimba kapena kudwala chibayo ali ndi milungu iwiri, vuto linayambira usiku umene anabadwa, mwini khola ali m'tulo.

Ndiye thole likakana bere, musadikire kuti kuche. Kamani, muike m'botolo loyera, mulimwetse ukadali wofunda. Mlingo wodziwika ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake m'maola oyambirira: thole la makilogalamu 30 limwe pafupifupi malita 3, ngakhale mutagawa kawiri. Ndikunena botolo loyera chifukwa khomo lija silisankha, tizilombo ta m'ndowe timalowanso pomwepo.

Kuwiritsa kumapha asilikaliwo, ndipo mkakawo umagwirana ngati dzira lokazinga. M'mafamu akuluakulu akunja amautenthetsa pa madigiri 60 okha kwa mphindi 60 ndi makina oyeza bwino kutentha, zomwe pa mbaula simungazikwanitse. Ngati wazizira, viikani botolo m'madzi ofunda basi.

Pena anthu amadabwa: soya wosakazinga alinso ndi trypsin inhibitor, ndiye bwanji alangizi omwewo amati tizimukazinga tisanapatse nkhumba ndi nkhuku? N'chifukwa chakuti chiweto chikakula chimafuna trypsin kuti chigaye chakudya, ndipo mukaimanga trypsin-yo chiwetocho chimapinimbira. Kumanga trypsin n'kopindulitsa tsiku loyamba lokha lija. Musayese kupatsa thole madzi a soya poganiza kuti mukuthandiza.

Kwa ana a anthu nkhani ndi yosiyanako. Mwana amalandira asilikali a m'magazi kudzera mu nsengwa asanabadwe, ndipo a mu mkaka wa m'mawere amagwira ntchito makamaka pakhosi ndi m'matumbo. Mkakawo nawo uli ndi zomanga trypsin zake, monga alpha-1-antitrypsin, zochuluka masiku oyamba. Ndiye amene amafinyira pansi mkaka wachikasu ati ndi wonyansa, kaya wa mayi kaya wa ng'ombe, aleke.