Foni ingagwire ntchito ngati wailesi ya achitetezo? Yankho kwa bambo a ku Area 25

Bambo ena a ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe anditumizira imelo. Iwo amatsogolera gulu la achitetezo a m'dera lomwe limayendera usiku, ndipo akuti kuimbirana foni kukuwathera mayunitsi komanso uthenga ukumafika mochedwa. Funso lawo ndi ili: "Ndamva kuti pali pulogalamu yosandutsa foni kukhala ngati wailesi za apolisi zija, zongodina n'kulankhula. Tiyambire pati, nanga tingadziwe bwanji kuti akuba sakutimvera?"

Zikomo bambo. Mapulogalamu otere alipo, ndipo yotchuka kwambiri ndi Zello, ya kampani ya ku Austin, Texas, m'dziko la America. Imapezeka pa Play Store ndi App Store, ndipo ya anthu wamba ndi yaulere. Mukaiika pafoni mumatsegula akaunti, kenako mumapanga tchanelo cha gulu lanu, malo omwe nonse muzilankhuliranapo. Mukafuna kulankhula mumakanikiza batani lalikulu la pakati, mukamaliza n'kulisiya. Mawu amamveka nthawi yomweyo pa mafoni a onse, popanda wina kuyamba watsegula uthenga ngati mmene zimakhalira pa WhatsApp. Amene sanamve bwino atha kubwereza, chifukwa mauthenga amasungika.

Koma popanda intaneti pulogalamuyi sigwira ntchito. Mu 2017, namondwe wa Harvey atamiza mzinda wa Houston ku America, anthu ongodzipereka a gulu la Cajun Navy ankagwiritsa ntchito Zello polondolera maboti opulumutsira anthu. Mbiri itafala, ambiri ku Florida anaiika pafoni podikira namondwe wa Irma, poganiza kuti izigwirabe ntchito ngakhale netiweki itagwa, mpaka kampaniyo inachita kulengeza kuti si choncho. Ndiye aliyense pagulu lanu akhale ndi bandulo ya Airtel kapena TNM, ndipo wezulo musaitaye.

Tsopano ku nkhani ya chinsinsi, yomwe ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri. Anthu ambiri amaganiza kuti woopsa ndi katswiri wa kompyuta wobera mawu ali m'njira. Zoona zake, chomwe chimaulula zinsinsi kawirikawiri ndi tchanelo chosatseka. Pa Zello pali matchanelo omwe aliyense angawafufuze, kulowa n'kumangomvera ali phee. Pa 6 January 2021, anthu ena omwe anathyola n'kulowa m'nyumba ya malamulo ya Capitol ku Washington ankalankhulana pa tchanelo chotere. Mtolankhani wina anajambula zokambirana zawo, ndipo pambuyo pake zinakamveka m'khothi ngati umboni. Zello inafufuta matchanelo oposa 2,000 zitachitika zimenezi. Ngati mtolankhani anatha kumvera, wakuba wa m'dera lanu angalephere bwanji?

Choncho popanga tchanelo sankhani mtundu womwe munthu sangamve kapena kulankhula musanamuvomereze inuyo. Musachitche dzina loonekeratu ngati "Chitetezo Area 25". Munthu muzimuvomereza ali pamaso panu, foni ili m'manja, chifukwa dzina la pa akaunti aliyense atha kudzipatsa. Tchanelo chili ngati khomo la nyumba: loko wabwino alibe phindu ngati makiyi ali ndi mudzi wonse. Wina akasiya gulu kapena foni yake ikabedwa, mumuchotse tsiku lomwelo, osati kudikira msonkhano wa mwezi wamawa.

Pasiwedi ya Zello isafanane ndi ya imelo kapena Facebook. Mu 2020 kampaniyi inavomereza kuti anthu ena analowa m'makina ake n'kuona maimelo a ogwiritsa ntchito, ndipo inapempha onse kusintha mapasiwedi. Foni iliyonse ikhalenso ndi PIN yotsekera.

Kampani ya Zello imanena kuti mawu a pakati pa anthu awiri amabisidwa kuchokera pa foni yotumiza mpaka pa foni yolandira. Musaganize kuti chimodzimodzi zili choncho pa tchanelo chilichonse. Palinso pulogalamu ina yofanana ndi Zello yotchedwa Voxer, yomwe mu 2016 inayambitsa macheza achinsinsi ogwiritsa ntchito luso la Signal, pulogalamu yotumizirana mauthenga obisidwa. Kwa ine, nkhani yovuta kwenikweni, monga nyumba yomwe eni ake achoka, ndi bwino kuitumiza kwa munthu mmodzi pa Signal kapena WhatsApp, osaiponya pagulu.

Zina ndi zazing'ono koma zimagwetsa anthu. Mafoni ambiri a Android amatseka mapulogalamu pofuna kusunga batire, ndiye lowani mu Settings muilole Zello izigwira ntchito ngakhale sikirini itazima. Usiku valani mahedifoni, chifukwa sipika yofuula imauza aliyense wobisala kuseri kwa mpanda komwe muli. Mukakanikiza batani dikirani pang'ono, tchulani dzina lanu ndi pomwe muli, kenako nkhaniyo mwachidule. Yesani zonsezi masana, aliyense ataima mbali yake ya dera, kuti mudziwiretu malo omwe netiweki imavuta.

Pempho langa lalikulu, bambo, ndi lakuti mugwirizane kuti pa tchanelo pasamatchulidwe dzina la munthu kuti ndi wakuba. Mawu a pa pulogalamuyi amafika kwa anthu ambiri pakamphindi, ndipo kwathu kuno taonapo anthu osalakwa akumenyedwa chifukwa cha mphekesera. Sankhani munthu mmodzi usiku uliwonse yemwe ntchito yake ikhale kuimbira apolisi zinthu zikavuta, ndipo nambala ya polisi ya kwanuko ikhale m'foni ya aliyense.