Galimoto Anandilanda Kale, Tsopano Kwabwera Kalata ya Class Action: Ndilipirebe Ngongole Yotsalayo?

Bambo wina wa kwathu amene akukhala ku Indianapolis watilembera imelo. Kampani imene inawakongoza ndalama zogulira galimoto inawalanda galimotoyo mu 2022, n'kuigulitsa pa okushoni, kenaka n'kuwauza kuti atsalabe ndi ngongole ya $7,400. Akhala akubweza $150 pamwezi. Sabata yatha alandira kakhadi ka papositi konena kuti ali m'gulu la anthu amene kampaniyo yagwirizana nawo pa mlandu wa class action, mlandu umene anthu ambiri olakwiridwa mofanana amasumira kampani limodzi. Akufunsa ngati awa si akuba, komanso ngati asiye kulipira.

Bambo, kakhadiko musataye. Milandu yotere ilipodi, ndipo gwero lake si kulanda galimoto ayi. Mukalephera kubweza, lamulo limalola wokongoza kutenga chikole chake. Mlandu umakhala pa kalata imene anayenera kukutumizirani asanagulitse galimotoyo.

Lamulo lake ndi Article 9 ya Uniform Commercial Code (malamulo a zamalonda ndi ngongole), imene state iliyonse ya ku America inaitenga, ena atasinthako pang'ono. Ndime 9-614 imatchula zimene kalatayo iyenera kunena: ngati galimoto igulitsidwe poyera kapena mwamseri, ngati ndi poyera, tsiku, nthawi ndi malo ake, ngati ndi mwamseri, tsiku limene angayambe kuigulitsa. Iyeneranso kukuuzani kuti muli ndi ufulu wopempha ndondomeko ya ngongole yanu, kuti ndalama zikaperewera mudzalipira zotsalazo, ndi nambala ya foni yofunsira ndalama zowombolera galimoto. Ikagulitsidwa, ndime 9-616 imafuna kalata ina yosonyeza masamu a mmene afikira pa ndalama yotsalayo, imene iwo amaitcha deficiency.

Apa ndi pamene makampani amagwera. Kalata salemba imodziimodzi. Amakhala ndi fomu imodzi imene kompyuta imangodzaza dzina ndi nambala. Fomuyo ikasowa chiganizo chimodzi, ndiye kuti onse amene anailandira analakwiridwa mofanana, ndipo loya angathe kuwaimira onse pa mlandu umodzi. Chindapusa chakenso n'chowawa. Malinga ndi ndime 9-625, m'ma state ambiri wogula katundu wogwiritsa ntchito yekha kapena pabanja, monga galimoto, angathe kupatsidwa chiwongoladzanja chonse cha ngongoleyo kuphatikizapo 10 peresenti ya ndalama imene anakongola, ngakhale osaonetsa kuti anatayapo kanthu. Tiyerekeze munakongola $18,000 ndipo chiwongoladzanja chinali $6,000: chindapusa ndi $7,800. Muchulukitse ndi anthu masauzande, muona chifukwa chake makampani amasankha kukambirana. Mu 2021, pa mlandu wa ku Missouri, kampani yokongoza ndalama ya Ally Financial inavomera kupereka $87.5 miliyoni ndi kufufuta ngongole zokwana $700 miliyoni.

Ziwerengero ziwirizo muziyang'ane bwino, chifukwa ndi mmene migwirizano yotereyi imakhalira. Cheke chimene mungalandire kawirikawiri chimakhala chaching'ono, popeza maloya amayamba atengapo malipiro awo ndipo zotsalazo amagawana anthu ambiri. Phindu lenileni lili pa kufufutidwa kwa deficiency, ndiponso pa lonjezo loti kampani ipemphe Equifax, Experian ndi TransUnion, makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu, kuchotsa ngongoleyo pa credit report yanu, kutanthauza mbiri yanu ya ngongole. Mbiri yolandidwa galimoto imakhalapo zaka 7, ndipo imakweza chiwongoladzanja cha ngongole iliyonse, mwinanso kukulepheretsani kupeza nyumba ya lendi. Zimandipweteka kuona anthu akudandaula ndi kuchepa kwa cheke, osadziwa kuti mtolo wa madola masauzande wawachokera pamutu.

Kuti mudziwe ngati kakhadiko n'koona, onani dzina la khoti ndi nambala ya mlandu. Fufuzani nokha nambala ya foni ya kalaliki wa khotilo, osati yolembedwa pa kakhadiko, mufunse ngati mlanduwo ulipo. Wina akakuuzani kuti mulipire kaye kuti mulandire gawo lanu, ameneyo ndi wakuba.

Za kusiya kulipira, musafulumire. Ngongole siifufutika mpaka woweruza atavomereza mgwirizanowo komaliza, ndipo wina akachita apilo pamapita miyezi. Pezani kalata yaitali yofotokoza mgwirizano wonse, muone ngati kampani yalonjeza kuleka kutolera ndalama podikira chigamulo. Imbirani maloya oimira gululo, amene mayina awo ali momwemo, kufunsa n'kwaulere. Afunseninso ngati ndalama zimene mwabweza kale pa $7,400 ija zidzabwezedwe, popeza migwirizano ina imatero, ina ayi. Malisiti onse a $150 aja muwasunge pamodzi ndi makalata awiri a 2022, ndi maenvelopu ake omwe ngati alipo.

Mukangokhala chete, kawirikawiri mumakhalabe m'gululo, ndipo mumataya ufulu wosumira kampaniyo panokha pa nkhaniyi. Ngati mlandu wanu uli waukulu, monga kuti olanda galimoto anathyola loko wa galaja kapena anakuopsezani, onanani ndi loya wanu tsiku lomaliza lotulukira m'gululo (opt out) lisanadutse. Onaninso ngati pakufunika kudzaza fomu, ndipo ngati munasamuka perekani adiresi yatsopano, chifukwa macheke amenewa amatha ntchito pakapita miyezi yochepa.

Chotsala ndi msonkho. IRS, bungwe lotolera misonkho ku America, imaona ngongole yokhululukidwa ngati ndalama zimene mwapeza, ndipo ikafika $600 wokongoza amatumiza fomu 1099-C. Migwirizano ina imanena kuti fomuyi siitumizidwa chifukwa ngongoleyo inali yokanganirana. Ikabwera, musaibise m'dirowa. Ngati ngongole zanu zonse zinkaposa mtengo wa katundu wanu pa nthawi imene anakufufutirani, Form 982 ingakuchotsereni msonkhowo, wonse kapena gawo lake, ndipo wokulemberani za msonkho adzafuna mndandanda wa zonse zimene munali nazo ndi zimene munakongola pa tsikulo.