Funsani Akatswiri: Zilembo Zikasokonekera pa Kompyuta

Funso: Ndimagwira ntchito pa bungwe lina la alimi ku Area 3. Tikatsegula mndandanda wa mamembala wochokera kumaboma, Malaŵi amatuluka ngati MalaÅµi, ng'ombe imasanduka ngâ€™ombe. Kodi ndi vayirasi? (Mayi wa ku Area 3)

Yankho: Ayi mayi, mtima m'malo, si vayirasi. Kompyuta sisunga zilembo, imasunga manambala otchedwa mabayiti, ndipo pulogalamu iliyonse imafunika kudziwa dongosolo lomasulira manambalawo. Zilembo za A mpaka Z zili mu ASCII, dongosolo lakale la zizindikiro 128 lomwe linatuluka mu 1963, n'chifukwa chake sizisokonekera. Koma ŵ mulibemo. Mu UTF-8, dongosolo lomwe lili ndi zilembo za zinenero zambiri, chilembochi chimalembedwa ndi mabayiti awiri, C5 ndi B5 (mabayiti amalembedwa motere, posakaniza manambala ndi zilembo za A mpaka F). Pulogalamu ikawerenga fayiloyo ngati ya dongosolo lina lakale lotchedwa Windows-1252, imatenga bayiti iliyonse payokha: C5 ndi Å, B5 ndi µ. Kachizindikiro kokhota ka mu ng'ombe, kamene Word imaika yokha mukamalemba, kali ndi mabayiti atatu, E2 80 99, ndiye kamatuluka ngati â€™.

Fayilo yanu ili bwinobwino, cholakwika ndi katsegulidwe. Mu Excel musangoidina kawiri. Pitani pa Data, kenako From Text/CSV, musankhe 65001: Unicode (UTF-8). Anzanu akumaboma muwauze kuti posunga azisankha CSV UTF-8. Koma mukaona Mala?i, ndiye kuti chilembo chinatayika posunga, poti Windows-1252 ilibe ŵ. Pamenepo palibe chokonza, pemphani fayilo yoyambirira.

Funso: Ndikulemba pulogalamu yolandira mafomu ndi mafayilo kuchokera kwa makasitomala. Nthawi zina imangofa, nthawi zina mayina amatuluka ndi kachizindikiro ka �. Ndingadziwe bwanji kuti mawu amene alowa ndi UTF-8 yolondola ndisanawasunge? (Mnyamata wa ku Area 47)

Yankho: Achimwene, mwafunsa bwino ponena kuti musanawasunge. Kuyesaku kuchitike pakhomo, mabayiti akangofika. Akalowa mu database n'kusakanikirana ndi mizere ina zikwizikwi, kuwasankhanso kuli ngati kutola mchenga mumpunga.

Malamulo a UTF-8, yomwe Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992, ndi ochepa. Bayiti yoyamba imanena kutalika kwa chilembo. Ikakhala pakati pa 00 ndi 7F, chilembo ndi chomwecho. C2 mpaka DF imafuna bayiti imodzi yotsatira, E0 mpaka EF imafuna ziwiri, F0 mpaka F4 imafuna zitatu. Zotsatirazo zonse ziyenera kukhala pakati pa 80 ndi BF. Mabayiti C0, C1 ndi F5 mpaka FF saloledwa paliponse. Pa manambala oimira zilembo zenizenizo (osati mabayiti), a D800 mpaka DFFF nawonso ndi oletsedwa, komanso chilichonse chopitirira 10FFFF.

Ndiye tangoonani zimene zimachitika kasitomala akatumiza fayilo ya Windows-1252 yokhala ndi mawu akuti m'mudzi. Kachizindikiro kokhota kaja kumeneko ndi bayiti imodzi, 92. Mu UTF-8, 92 ndi bayiti yotsatira, singayambe chilembo. Pulogalamu yokhwima imakana, yofewa imaikapo � n'kupitiriza. Njira ina yofala yowonongera mawu ndi kudula dzina powerenga mabayiti m'malo mwa zilembo. Malire akagwera pakati pa C5 ndi B5, theka la ŵ limatsala lokha kumapeto.

Komabe musalembe nokha choyesera. Zilipo kale zoyesedwa bwino. Mu Python tsegulani fayilo ndi "rb", muitane decode("utf-8"). Ikalephera imaponya UnicodeDecodeError yonena malo enieni a bayiti yolakwika. Mu PHP muli mb_check_encoding, mu Go muli utf8.Valid, mu JavaScript gwiritsani TextDecoder mutaika fatal kukhala true. Pa Linux, iconv -f UTF-8 -t UTF-8 imaima pamene yapeza vuto. Tikuumirira zimenezi chifukwa zoyesera zolemba pamanja zimaiwala kawirikawiri kalembedwe kotalikitsa. Chizindikiro cha / ndi bayiti imodzi, 2F, koma munthu wachinyengo angachilembe ngati C0 AF. Gawo la pulogalamu lolondera, lomwe limafufuza 2F, silichiona, kenako gawo lina la pulogalamu n'kuchimasulira kukhala / n'kutsegula foda yosayenera. Zimenezi zinathyoletsapo maseva m'mbuyomu.

Mukapeza zolakwika, kanani fayiloyo ndipo muuzeni wotumiza mzere umene uli ndi vuto. Chonde mu Python pewani errors="ignore". Imafufuta mabayiti mwakachetechete, dzina la munthu n'kuperewera chilembo, ndipo tsiku lolandira ndalama zake dzinalo silifanana ndi la pa chiphaso. Ngati mukudziwa motsimikiza kuti gwero linalake limatumiza Windows-1252, masulirani kuchokera kumeneko mwadala, osati mongoyerekeza.

Dziwaninso kuti kupambana mayesowa sikutanthauza kuti mawu ndi olondola. MalaÅµi wa mayi a ku Area 3 akasungidwanso mu UTF-8, amadutsa popanda chodandaula, chifukwa Å ndi µ ndi zilembo zovomerezeka. Ndi bwino kufufuzanso zizindikiro monga â€ ndi Åµ m'mayina. Ndipo ŵ ingalembedwe pawiri: ngati chilembo chimodzi, kapena w yotsatiridwa ndi kachipewa kake payekha. Pamaso n'zofanana, koma pofufuza sizipezana. Zisandutseni zonse kukhala NFC, kalembedwe kophatikiza w ndi kachipewa kake kukhala chilembo chimodzi, musanasunge. Ngati database yanu ndi MySQL, sankhani utf8mb4; yakale yotchedwa utf8 imalekeza pa mabayiti atatu, pamene emoji zambiri zimafuna anayi.

Funso: Uthenga wa SMS umene timatumizira makolo a ana asukulu uli ndi zilembo zosakwana 160, koma tikulipira ngati mauthenga awiri kapena atatu. Chikuchitika n'chiyani? (Bambo wa ku Kawale)

Yankho: Bambo, yang'anani ngati muli ŵ, emoji kapena kachizindikiro kokhota kaja. SMS wamba imagwiritsa ntchito mndandanda wa zilembo wotchedwa GSM ndipo imanyamula zilembo 160. Chikalowamo chilembo chimodzi chokha chosapezeka pa mndandandawo, uthenga wonse umasinthira ku dongosolo lina lotchedwa UCS-2, lomwe limanyamula 70 basi, kapena 67 pa gawo lililonse uthenga ukagawidwa. Zilembo 150 zikhala magawo atatu. Pulogalamu yanu isinthe kokhotako kukhala koongoka isanatumize, ndipo uthengawo muziulembera m'bokosi lotumizira lenilenilo m'malo moukopera kuchokera mu Word.