Pamapu awo, msika wathu unali tchire

Achemwali, mwafunsa ziwiri: geni yodutsa malireyi imayenda bwanji, komanso ngati n'kwanzeru kupereka dzina kwa anyamata a khonsolo amene akuyenda ndi mafomu kuwerenga nyumba ndi ochita malonda m'dera lanu, poti akuti mizinda ya mbali ziwiri za boda izigawana zimene apeza. Mwachita bwino, safunsa anadya phula. Koma za pasipoti, kusintha ndalama ndi kopikula katundu sinditaya nazo mate. Wosadziwa zimenezo ayambe wakhala kunyumba.

Ine njirazi ndaziyenda zaka 21. Ana anayi ndaphunzitsa, nyumba ndamanga, osagwadira munthu. Belo ndikangoligunda ndi chikhatho ndimadziwa ngati pakati abisapo zinyalala. Choncho mumve bwino.

Pali ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, timangoti STR. Pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe inayamba mu 2010. Katundu wosapitirira mtengo umene boma linaika, wopangidwa m'dziko la membala, amene ali pamndandanda womwe mayiko awiriwo anagwirizana, salipitsidwa msonkho wolowetsera katundu. Koma VAT ndi misonkho ina ya m'dziko imakupezanibe. Ndipo musanyamule za ku China n'kumati STR ikuwombolani, mudzalira. Mndandandawo muujambule m'foni, chifukwa ine ofesala wina anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti katundu wanga palibepo, pepalalo ataliphimba ndi chigongono. Ankafuna ya m'thumba.

Koma amene anandigwetsa ine sanali wa pa boda ayi. Anali munthu wa mapu.

Unali mwezi wa December, sukulu zili pafupi kutsegulira, ndipo ndinaona mwayi pa nsapato za ana asukulu. Mashopu atatu anali atandiuza kale kuti bweretsani, titenga zonse. Ndinathira mpamba wanga wonse, osakhutira, n'kukatenganso katapila. Apo ndiye ndinalakwa ndekha, sindikana. Nditaoda katundu mumzinda wa tsidya lija, ndinakamusunga m'shedi momwe ndinkasunga nthawi zonse, pamsika wa m'mphepete mwa dera la anthu osauka, pomwe malole obwerera kwathu ankapakira. Mwini shedi ndinkamudziwa zaka 7, sanandisowetsepo ngakhale chingwe cha nsapato. Lole inati ipakira m'mawa. Ndinakagona kudepoti, mutu pa chikwama, ndikuwerengera phindu.

Kutacha ndinamva anthu akuthamanga. Pofika, mzere wonse wa mashedi unali pansi, chigalimoto chogumulira chikubwerera m'mbuyo kuti chikankhenso, apolisi atazungulira, mvula ikuvumba. Makatoni anga anali ataphulika, nsapato zili mbwee m'matope, zina pansi pa njerwa, zina anyamata akuthawa nazo. Ndinagwada n'kuyamba kutola. Achemwali, nsapato imodzi si katundu. Ndinatola zamanzere zambirimbiri zopanda zinzake. Ndinkaziikabe m'thumba, sindikudziwa kuti ndinkaganiza chiyani. Mayi wina amene tinkayendera limodzi anangokhala pansi pamadzipo osalankhula, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanawolokenso boda.

Tsiku lachitatu tinalowa mu ofesi ya khonsolo ya mzindawo. Bwanayo sanakalipe, n'chifukwa chake mpaka lero ndimamusungira chakukhosi. Anatambasula mapu patebulo, n'kuloza ndi cholembera, amvekere: "Mayi, pamene mukunenapo palibe msika. Apa ndi patchire, malo osungira msewu." Mwini shedi anatulutsa thumba la matikiti a msonkho wa tsiku ndi tsiku, a zaka 7, onse ali ndi chidindo cha khonsolo yomweyo. Bwana uja anawayang'ana n'kuti zimenezo ndi za ofesi yotolera ndalama, iye ndi wa mapulani. Maofesi awiriwo anali pakhonde limodzi, zitseko zoyang'anizana. Wina ankadya ndalama zathu m'mawa uliwonse, mnzake osadziwa kuti tilipo. Chidziwitso chogumula akuti anachimata miyezi itatu m'mbuyomo pabolodi la ku ofesi, kumene wamalonda sapondako.

Nditabwerera kwathu ndinakadandaula kukhonsolo yathu, poti ambiri osunga katundu pamsikapo tinali a mbali yathu. Anandiyankha kuti zachitikira kunja. Kalata imodzi yokha yochoka kukhonsolo ija kubwera kwa iyi, yonena kuti uzani anthu anu achotse katundu, ikanandipulumutsa. Koma akanalemba bwanji za anthu amene sanawawerengepo? Tsidya lija tinali alendo, kwathu tinali a paulendo. M'buku lililonse munalibe dzina langa, kupatula la mwini katapila. Ameneyo anabwera kudzanyamula makina osokera, firiji ndi bedi. Mwana wanga woyamba anakhala pakhomo materemu awiri. Ngongoleyo ndinaimaliza patatha zaka zitatu, ndikuyenda ndi chikwama chimodzi ngati woyamba kumene.

Mwana yemweyo ndi amene anadzaphunzira mpaka kukoleji, ndipo ndi iye anandiuza kuti kwina anthu anaiona kale nkhaniyi. Ku America, mu 1996, mabungwe a m'mizinda 6, Atlanta, Boston, Cleveland, Denver, Oakland ndi Providence, anagwirizana ndi Urban Institute ya ku Washington n'kuyambitsa National Neighborhood Indicators Partnership. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa zimene maofesi osiyanasiyana amasunga payekhapayekha, za nyumba, sukulu, umoyo, n'kuzigawa dera ndi dera kuti eni dera azione n'kumenyera nazo zosowa zawo. Lero muli mizinda yoposa 30, ndipo imaphunzitsana. Chimene chinandikhudza ine ndi chakuti dera ndi dera. Ukaphatikiza mzinda wonse, mipope imaoneka yokwanira, chifukwa ya kwa olemera yaphimba kwa ife kumene kulibe ngakhale umodzi.

Anandiuzanso za Slum Dwellers International, kumene anthu a m'madera osakonzedwa amadziwerenga okha, khomo ndi khomo, n'kujambula mapu awo, pa ntchito imene amaitcha Know Your City. Mmodzi mwa oyambitsa, Jockin Arputham wa ku Mumbai, nayenso ankakhala m'dera lotero. Tikanakhala ndi mapu athu tsiku lija, tikanawatambasula pamwamba pa a bwana uja.

Nanga maboma si akutha? Chirundu, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, anaika maofesi a mayiko awiri pamalo amodzi mu 2009. Mchinji ndi Mwami, pakati pa Malawi ndi Zambia, anatsegula yawo mu 2022. Ku Uganda, a ofesi ya ziwerengero ndi banki yaikulu amaika anthu pamaboda kuwerenga katundu wa ife oyenda pansi ndi panjinga, amene salembedwa m'mabuku a kasitomu. Ngati mayiko akukwanitsa kukhala pansi pa denga limodzi, makhonsolo awiri oonana utsi angalephere kupatsana pepala?

Ndiye dzinalo perekani, koma osati ngati nkhosa. Muwafunse anyamatawo kuti zimene akulembazo asunga ndani, ndipo zikathera kwa okonza mzinda kapena kwa otolera msonkho okha. Ine andiwerengapo kangapo, ndipo kawiri chotsatira chake chinali kukwera kwa tikiti, chimbudzi osamanga. Akabwera masana dzuwa lili paliwombo apeza mabenchi opanda anthu, chifukwa ife timafika usiku n'kunyamuka mbandakucha. Muwauze abwere nthawi ya malole. Asangowerenga mitu yathu. Alembe kuti azimayi angati amagona pakhonde, nyali yoyaka ili pati, mpope uli mtunda wotani, shedi yokhoma ilipo kapena ayi. Ambiri pa geniyi ndife azimayi, ndipo zimene zimachitikira mtsikana mumdima wa kuseri kwa depoti sizilowa m'fomu pokhapokha wina ataumirira. Akamaliza, komiti yanu ya pamsika itenge kope lake, lokhala ndi chidindo. Akakana kupereka kope, inunso mutseke pakamwa.

Za madobadoba okuuzani kuti akudutsitsani njira ya kutchire, ndinene chiyani? Mukawatsata, tsiku lina adzakusiyani pakati pa mtsinje katundu ali kwa iwo. Katapila musayandikire, olo oda ikhale yokoma bwanji. Katundu yense osaika shedi imodzi. Ine masiku ano ndimagawa patatu, ngakhale onyamula andidyere zambiri.

Ndipo musanasunge ngakhale katoni imodzi pamalo achilendo, pitani kukhonsolo ya mzindawo, mudutse chitseko cha otolera ndalama, mugogode cha a mapulani, muwauze akulozereni msikawo pamapu ndi chala. Ine ndimachita zimenezi chaka chilichonse mwezi wa November, mvula isanayambe. Alembi ena amandidziwa kale, akandiona amangotulutsa mapuwo ndisanakhale pansi.