Mbalame miliyoni imodzi mumlengalenga, amaziwerenga bwanji?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yokayikira. Akuti anamva kuti ku Batumi, m'dziko la Georgia, anthu amawerenga mbalame zolusa zoposa miliyoni imodzi chaka chilichonse pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Funso lake ndi lakuti: "Munthu angawerenge bwanji mbalame zouluka zochuluka chonchi? Kodi si manambala ongopeka?"

Akulu, kukayika kwanu n'komveka. Koma tiyambe ndi chimene chimachititsa kuti mbalamezi zithithikane pamalo amodzi, chifukwa popanda chimenecho palibe akanaziwerenga. Akabawi, mphamba ndi ziwombankhanga zambiri sizikupiza mapiko ulendo wonse. Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wofunda umakwera, ndiye mbalamezi zimangotambasula mapiko n'kumazungulira mumpweyawo mpaka zitafika pamwamba kwambiri. Zikatero zimatsetsereka kulowera kumwera, kukapeza mpweya wina wotere. Pamwamba pa nyanja mpweya wokwerawu ndi wofooka, choncho zimalambalala madzi aakulu. Ku Batumi mbali ina kuli nyanja ya Black Sea, mbali inayo mapiri, ndiye mbalame zothawa chisanu kumpoto zimapanikizana pakampata kameneko. Ku Gibraltar zimaoloka pamene Ulaya ndi Africa zatalikirana ndi makilomita 14 okha. Ku Veracruz, m'dziko la Mexico, kumadutsa zoposa mamiliyoni anayi panyengo imodzi.

Tsono kuwerengako. Zikamabwera zochepa, amaziwerenga imodziimodzi. Zikachuluka, wowerenga sataya nthawi pamene zikuzungulira, pakuti apo mungawerenge mbalame imodzi katatu. Amadikira kuti zifike pamwamba n'kuyamba kutuluka mumndandanda, ngati ng'ombe zotuluka pachipata cha khola. Apa m'pamene amaloza chizindikiro chimodzi, kaya nsonga ya phiri kapena mtengo, n'kumawerenga zodutsa pamenepo m'magulu a khumi, a 50 kapena a 100, akudina kachipangizo kowerengera ka m'manja. Mnzake amayang'ana pamakina oonera patali kuti adziwe mtundu wake, wina akulemba nthawi, mphepo ndi mitambo. Ku Batumi amakhala pamalo awiri okwera ndipo amauzana pawailesi ya m'manja kuti gulu limodzi lisalembedwe kawiri.

Kodi nambala yake imakhala yeniyeni ndendende? Ayi, ndipo owerenga enieni sanena zimenezo. Kumwamba kukayera mbee, mbalame zina zimakwera mpaka maso osazionanso. Mphepo ikasintha, zina zimadzera kuseri kwa phiri. Ine ndimati munthu amene akukuuzani kuti sanaphonyepo ngakhale imodzi, ameneyo ndiye wokayikitsa.

Phindu lagona poti kuwerengaku kumachitika pamalo omwewo, m'miyezi yomweyo, mwa njira yomweyo, chaka ndi chaka. Zophonya za chaka chino zimafananako ndi za chaka chatha, choncho chiwerengero chikamatsika zaka zambiri motsatizana, n'chizindikiro chakuti kwinakwake kwavuta. Chitsanzo chabwino ndi Hawk Mountain ku Pennsylvania, m'dziko la America. Kale alenje ankakwera phirilo kukawombera akabawi odutsa, mwamasewera chabe. Mu 1934 mayi Rosalie Edge anachita lendi malowo kuti aletse kuphako, ndipo analemba ntchito Maurice Broun, amene anayamba kuwerenga mbalamezo. Patapita zaka, mabuku a paphiripo anaonetsa kuti ana a ziwombankhanga za mtundu wa bald eagle akuchepa. Umenewu unali umodzi mwa maumboni okhudza DDT, mankhwala ophera tizilombo amene ankapepukitsa zikamba za mazira mpaka kumasweka make akamafungatira. America inaletsa kuthira DDT m'minda mu 1972, ndipo m'mabuku omwewo chiwerengero chinayambanso kukwera.

Mwafunsanso ngati munthu wamba angathandize nawo. Ku Batumi kuwerenga kumeneku kunayamba mu 2008 ndipo kumadalira anthu ongodzipereka ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Kumapeto kwa Ogasiti ndi kuchiyambi kwa Seputembala kumachuluka akabawi otchedwa honey buzzard, amene amakonda kudya ana a mavu. Chakumapeto kwa Seputembala kumabwera a steppe buzzard, ndipo ambiri mwa amenewa ulendo wawo umakathera kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Wongoyamba kumene amamuika pafupi ndi katswiri, ndipo ntchito yoyamba ndi kuphunzira kusiyanitsa mitundu iwiriyi poona mapiko, mutu ndi mchira.