Munathira laimu pamodzi ndi zeolite? Fungo la m'khola silingathe

Funso: Ndikuweta nkhuku za nyama 200. Fungo la m'khola linafika pondiwawa m'maso, ndiye ndinagula ufa wa zeolite umene ndinamva kuti umayamwa fungo, n'kuwaza pa utuchi. Ndinathiranso laimu kuti aphe tizilombo. Patha sabata, fungo langowonjezeka, nkhuku zikutuluka misozi ndiponso zikutsokomola. Kodi anandigulitsa wachinyengo?

Yankho: Mayi, wogulitsayo musamunamizire. Wakupwetekani ndi laimu, ndipo anakuuzani kuti muthire nkhuku zili momwemo ndani? Fungo mukumvalo ndi mpweya wa amoniya, umene umatuluka mabakiteriya akamaoletsa zitosi zonyowa. Utuchi ukakhala ndi kaasidi pang'ono, amoniya wambiri amangokhala phee m'zitosimo. Laimu amapha asidiyo, basi amoniya n'kusanduka mpweya, n'kumakwera m'maso mwa nkhuku zanu.

Khola lanu sindinalione, koma ndikhoza kulumbira kuti pansi pa zomwera pali chinyezi cha tchetchetche, ndipo mawindo munatseka ndi masaka poopa kuzizira. Nyengo yamvula iliyonse ndimapeza zomwezi. Chaka china ndinalowa m'khola la mlimi wina amene ankakana kwamtuwagalu kuti mulibe fungo. Nditamuuza kuti agwade, aike nkhope pamene pamafika mutu wa nkhuku, anadzuka akupukuta misozi. Mphuno imazolowera. Akatswiri amati amoniya asapitirire 25 ppm (magawo 25 pa magawo 1 miliyoni a mpweya), koma inu amene mulibe makina oyezera, gwadani choncho.

Zeolite ndimamukonda ine, koma mumvetse mmene amagwirira ntchito. Ndi mwala wodzaza timabowo ndi tinjira tosaoneka ndi maso, tating'ono kuposa milimita imodzi mutaigawa ka 1 miliyoni. Wa mtundu wa clinoptilolite, amene amagulitsidwa kwa alimi, anapangika kuchokera ku phulusa la mapiri ophulika. Amoniya akalowa m'timabowomo amamatirira m'makoma ake, ndipo amene wasungunuka m'chinyezi amasinthana malo ndi sodium, potassium kapena calcium wa m'mwalamo, n'kutsekeredwa. 

Vuto lake n'loti mwalawu umakondanso madzi. Dzina loti zeolite linaperekedwa ndi Axel Cronstedt wa ku Sweden mu 1756, ndipo m'Chigiriki limatanthauza mwala wowira, chifukwa atauika pamoto unatulutsa nthunzi. Ndiye mukauwaza pa utuchi wonyowa, timabowo timayamba tadzaza madzi. Calcium wa mu laimu uja nayenso akulimbirana malo omwewo. Ndalama zanu pafupifupi zonse zinapita pamenepo.

Lero lomwe chotsani utuchi wonsewo, muike wouma wokhuthala kufika pafupifupi masentimita 10. Kwezani zomwera zilingane ndi msana wa nkhuku, ndipo chothonya muchichotse. Masaka aja atsitseni, mphepo izidutsa cha kumwamba. Mukatero waziranipo zeolite wanu, makamaka mozungulira zomwera, n'kumatembenuza utuchiwo. Pofuna kudziwa ngati uli bwino, ufinyeni m'manja: ukabalalika mutatambasula dzanja uli bwino, ukaumbika ngati dothi wanyowa. Alipo ena amathira alum, mankhwala owonjezera kaasidi mu utuchi, ndipo amathandizadi, koma ine ndimayamba ndi utuchi wouma ndi zeolite.

Nkhuku zikapitiriza kutsokomola patatha masiku atatu mpweya utasintha, itanani dokotala wa ziweto, chifukwa amoniya amasupula njira ya mpweya n'kutsegulira khomo matenda ena. Utuchi wa zeolite mukadzauchotsa musadzataye. Mudzauwoletse kaye, kenako upite kumunda, nayitrojeni wa mu amoniya amene anatsekeredwa uja azikatuluka pang'onopang'ono ku mizu.